Tsiku Limene Logi Inadzisintha Yokha

Kwa zaka khumi ndi chimodzi sindinagonepo kunja kwa Blantyre kupitirira masiku atatu. Sikuti mkazi wanga ankandiletsa, kapena kuti ndinkaikonda tauni kwambiri. Chimene chinandimanga mwendo chinali fayilo imodzi ya mu kompyuta.

Ndinkagwira ntchito ku Limbe, pa kampani ina ya holoselo yogulitsa shuga, sopo, mchere, mafuta ophikira ndi feteleza. Kuseri kwa maofesi kunali kachipinda kopanda windo, kozizira ngati m'firiji. M'menemo ndi mmene munkakhala seva, kompyuta yaikulu yakuda yondifika pachifuwa, imene makompyuta onse a pakampani ndi a m'nthambi zathu ankadalira. Thumba la shuga silinkatuluka pageti seva isanavomere. Woiyang'anira ndinali ine. Mwana wa ku Chigwa cha Shire, wokulira m'dzuwa la ku Ngabu, ndinkavala juzi mu Okutobala, anthu mu minibasi ya ku Nkolokosa n'kumandiyang'ana ngati wodwala malungo.

Mu sevamo munali chinthu chimene tinkachitcha logi. Ndi fayilo imene makina amalembamo chilichonse chimene chasintha. Wina walowetsa matumba, wina watulutsa, wina wakonza dzina limene analemba molakwika, zonse zimalowa. Imalemba kuti zinali bwanji, zakhala bwanji, wasintha ndani, nthawi yanji. Chimene chimandizizwitsa mpaka lero n'chakuti makinawo amayamba alemba mu logi asanachite chinthucho. Amanena kaye kuti ndikufuna kuchita chakuti, kenako n'kuchitadi. Ndakhala ndi anthu ambiri, m'tchalitchi ndi m'makomiti a maukwati, koma munthu wa khalidwe limeneli sindinakumane naye.

Mphamvu yake ndinaiona ndi maso tsiku lina masana. Magetsi anathima, jenereta inakana kulira, mabatire anatha tikuwayang'ana. Makina atadzukanso, fayilo ya katundu inali itawonongeka. Tinabwezeretsa ya dzulo lake kuchokera pa tepi yosungirapo makope a mafayilo, koma ntchito ya m'mawa wonse kunalibe. Makalaliki anagwira m'mutu. Ine ndinauza seva kuti iwerenge logi, ibwereze zonse zimene zinalembedwamo. Ndinaima chilili n'kumaona mizere ikuthamanga pa sikirini. M'mawa wonse wa anthu ambirimbiri unkachitikanso kachiwiri pamaso panga, m'ndondomeko yake yomweyo, mpaka thumba lomaliza limene mayi wina wa ku nthambi ya ku Zomba analowetsa magetsi atangotsala pang'ono kuthima. Palibe chimene chinasowa. Kuyambira tsiku limenelo ndinkalowa m'kachipindamo mwaulemu, ndipo munthu wolowamo akutafuna chingamu ndinkamubweza pakhomo.

Koma chinthu chosaiwala chimakula. Logi yathu inkadzaza malo ake pa masiku anayi, nyengo ya feteleza osakwana n'komwe anayiwo. Ikadzaza, seva imaima, chifukwa singachite chimene sinalembe. Ndiye pankafunika munthu woti atseke logi yakale, atsegule yatsopano, akopere yakaleyo pa tepi, aone kuti yakopeka bwino, ndiyeno aifufute kuti malo apezeke. Ndinkachita zimenezi Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, m'mawa ndisanamwe tiyi. Masitepe ake anali pa pepala lolemba pamanja limene anandisiyira mkulu amene ndinamulowa m'malo. Linali lomata ndi selotepi pachitseko cha kabati, litafiira ndi ukalamba. Ndinaliloweza pamtima kalekale, koma ndinkaliwerengabe mzere ndi mzere, chala chili pomwepo.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinaphunzitse wina. Ndinayesa kamodzi. Mnzanga wa mu ofesi, bambo wofatsa woyang'anira mapulinta ndi mawaya, anafufuta logi asanaikopere. Mwamwayi sitinaifune logiyo, koma ndinamukalipira mpaka onyamula matumba ku weyahausi anasiya ntchito n'kumamvetsera. Ine mtima wanga ndi wapachala, zimenezo sindikana. Kuchokera pamenepo palibe anayerekezanso kukhudza kiyibodi ya m'kachipindamo.

Ndinene zoona, zinkandikomera. Tsiku lina ndikuchokera kumudzi basi inafera pa Thabwa, ndinagona panjira, n'kufika ku Limbe Lachiwiri dzuwa litakwera. Logi inali itadzaza. Malole anali atandanda kuchokera pageti mpaka kumsewu waukulu, madalaivala atakhala pansi pa matayala, abwana akuyendayenda foni ili m'manja. Ndinadutsa pakati pawo osathamanga, chikwama chili paphewa. Pasanathe mphindi khumi lole yoyamba inatuluka, ndipo madalaivala anandiombera m'manja. Madzulo ake ndinafotokozera mkazi wanga nkhaniyi kawiri, kachiwiriko malole atachulukirapo.

Kumudzi nkhani inali ina. Kumeneko ndinali mlendo wa masiku atatu. Ukwati, chinkhoswe, maliro, ine ndinkafika mochedwa n'kuyamba kutsanzika. Amayi atamwalira tinawaika Lachinayi, ndipo Lachisanu m'bandakucha ndinali kale pa siteji, abale akadali pamphasa. Achemwali anga aakulu, amene anatsala kumudzi n'kumasamalira makolo, sananditukwane. Anangondiperekeza ndi maso mpaka pamsewu. Bola akanandilalatira.

Ndiye linafika Lolemba lina. Ndinali m'kachipinda kaja, tepi ili m'manja, foni n'kulira. Anali achemwaliwo.

"Achimwene, ababa afooka. Kuchipatala atibweza, akuti tikawasamalire kunyumba."

"Ndibwera Lachisanu, achemwali."

"N'kubwerera Lamulungu? Ngati ndi choncho musavutike n'kubwera. Mungowapatsa moni pafoni pompano, ndiwaikira kukhutu."

Anadula. Ndinamaliza masitepe anga onse, n'kupita kwa abwana kukapempha masabata awiri. Abwana anakanda m'mutu. Sanakane, koma tonse awiri tinkadziwa kuti ndikachoka Lachitatu, pofika Loweruka malole adzakhala ali pamzere. Anaimbira kampani imene inkatikonzera makina kuti itibwereke munthu wondigwirira.

M'mawa mwake kunabwera mayi wina wa msinkhu wanga, wa magalasi, chikwama cha laputopu kumsana. Anati amakhala ku Manja, ndipo anachedwa chifukwa minibasi inamutsitsa pa Chichiri kuti yasintha maganizo. Ndinamulowetsa m'kachipindamo ngati ndikumuonetsa mwana wakhanda. Ndinayamba kumufotokozera masitepe. Iye anaima pachitseko cha kabati, nawerenga pepala lija, nabwerezanso, kenako anayang'ana seva.

"Bambo, pepala ili ndi la makina ano?"

"Ndi la ntchito ino, mayi."

"Ndafunsa za makina. Masitepe awa ndi a seva yakale imene munachotsa. Inoyi imatha kusintha logi yokha."

Ndinamva kutentha m'makutu ngakhale munali mozizira. Munthu wafika ndi minibasi mphindi khumi zapitazo, akundiuza za makina amene ndinkawadziwa ndi kalilidwe komwe.

"Mayi, zinthu za otomatiki ndimazidziwa ine. Idzafufuta logi ndisanakopere. Ndiye tsiku la tsoka, mudzabwera ndinu kudzauza makalaliki kuti alembenso zonse?"

Sanapse mtima. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya bulauzi.

"Mantha anuwo ndi oona, ndipo alipo amene zinawachitikira. Koma apa pali zinthu ziwiri, kusintha ndi kufufuta. Tiiuza kuti logi ikafika pa mlingo wakuti, izitseka yokha n'kutsegula ina. Kufufuta tiiuza kuti isayerekeze mpaka itakopera pa tepi n'kuwerenganso tepiyo kuti ione ngati zonse zalowa. Mwambo ndi wanu womwewu, bambo. Kungoti woutsatira akhala iyeyo. Ndipo kabokosi ka matepi aka kamalowa asanu ndi atatu. Inu mumaikamo imodzi."

Anakhala pampando wanga osapempha, nalemba mzere umodzi. Pa sikirini panatuluka tsamba limene ndinali nditaliona kambirimbiri osaliwerenga mpaka pansi. Anaika chala pa mzere wina wa kumunsi. Mzerewo unkafunsa kuti woyang'anira logi ndi ndani, ndipo yankho lake linali lakuti munthu. Panali poti n'kulembapo kuti makina. Mawu amodzi basi.

"Amene anaika makinawa ndiwo anasankha zimenezo," ndinatero. "Akatswiri anu omwe."

Mayiyo anapempha fayilo ya mapepala a tsiku limene seva inabwera. Ndinali nayo, chifukwa ine sinditaya pepala. Anatsegula, nafunafuna, nandipatsa tsamba limodzi. Amisiri analembapo kuti logi izisinthidwa pamanja, mwini wake wapempha choncho. M'munsi mwake munali siginecha yanga, yaikulu bwino, ya mchira wake wokhota uja ndinkanyadira.

Ndinakumbuka. Amisiri awiri, makatoni ali mbwee pansi, mmodzi akundifunsa ali chogwada kuseri kwa makina kuti logi mumayendetsa bwanji kuno. Ine, osafuna kuoneka wosadziwa pamaso pa alendo, ndinayankha kuti pamanja, monga mwa nthawi zonse. Sanafunsenso, inenso sindinafunse ngati pali njira ina. Zaka zisanu ndi zitatu zinali zitapita. Ndinawerengera chamumtima ndili chiimire, n'kupeza kuti makinawa anabwera amayi akadali moyo, akulimabe mapira. Manyazi ndi chisoni zinandigwira nthawi imodzi, ndipo ndinakhala pa katoni ya mapepala.

Mayiyo anabwerera pa mzere uja, nalembapo kuti makina. Anangoti, "Simungakhulupirire musanaone. Nditsitsa mlingo kuti zichitike tisanadye nkhomaliro. Koma inu manja anu muwakhalire."

Ndinawakhaliradi. Munthu wamkulu, wa ana a ku sekondale, nditakhalira manja pa katoni.

Pakona ya sikirini panali nambala yoonetsa mmene logi yadzazira. Inkakwera pang'onopang'ono, ndipo ndinkadziwa kuti kukwera kulikonse ndi munthu. Uyo ndi kalaliki wa pageti, uyo ndi wa ku Zomba, uyo ndi wa ku Mulanje amene amalemba ndi chala chimodzi. Nambala inayandikira mlingo. Zala zanga zinkayabwa pansi pa ntchafu. Mumtima ndinali nditayamba kale sitepe yoyamba. Kenako inafika.

Sipanamveke phokoso lililonse. Panangotuluka mzere wakuti logi yakale yatsekedwa, pansi pake wina wakuti yatsopano yatsegulidwa. Dzina la yatsopanoyo linali ndi nambala yotsatira, yomweyo imene ine ndikanaipatsa. Kenako kabokosi ka matepi kanadzuka. M'kati mwake munali kadzanja kachitsulo kamene pa zaka zonsezo sindinakaonepo kakuyenda. Kanatambasuka, n'kutola tepi, n'kuilowetsa pamalo pake mofatsa. Tinadikira. Mzere wina unati yakopedwa. Wina unati yawerengedwanso, zonse zilimo. Pamenepo m'pamene inafufuta, osati kale, ndipo nambala ya pakona inagwa.

Ndinatuluka kukasuzumira mu ofesi. Makalaliki ankangolemba, wina akuseka pafoni. Pageti lole ya sopo inkatuluka. Palibe amene anadziwa kuti pachitika chinthu. Ine ndikamasintha ndinkayamba ndazungulira madesiki onse n'kumauza anthu kuti chotsani manja kwa mphindi zisanu. Iyo inasintha anthu ali pakati pa kulemba, osataya chilembo n'chimodzi chomwe.

Ndinabwerera m'kachipindamo. Sindidziwa kuti ndinene bwanji. Ndinachita mantha, koma anali mantha okoma, onga amene ndinamva ndili mwana tsiku loyamba kuona Shire atadzaza. Anthu ena kutali, amene sindidzawaona, anakhala pansi n'kuganizira chilichonse chimene ine ndinkaopa, mpaka tepi yokana kuwerengeka, n'kuchiika m'kati mwa chitsulo ichi. Ndipo chitsulocho chinakhala nazo phee zaka zisanu ndi zitatu, chikundiona ndikulowa ndi juzi yanga katatu pa sabata, osandiseka, osandikakamiza, kungodikira kuti wina achifunse.

"Ibwerezenso," ndinatero.

Inabwereza. Ndinapemphanso kachitatu.

"Bambo, si kanema uyu," anatero mayiyo akuseka. "Ndibwezeretse mlingo, ine njala yandipweteka."

Panatsala ntchito imodzi ya munthu, yochotsa matepi odzaza kamodzi pa sabata n'kuikamo ena. Ndinapita kwa mnzanga wa mapulinta uja. Kupepesa sindinazolowere, koma ndinapepesa za kukalipa kuja. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Akulu, kusintha matepi ndi nkhani? Pitani mukaone madala." Ndinamupatsa kiyi wa kachipinda, amene anali asanachokepo m'thumba mwanga.

Lachitatu m'mawa ndinakwera basi. Titayamba kutsika mapiri a ku Chikwawa ndinavula juzi, ndipo pofika pa Nchalo malaya anali atamatirira kumsana. Ndinatsika pa Ngabu n'kukwera kabaza. Ndinawapeza ababa atagona pamphasa pansi pa mtengo wa nimu, achemwali akuwakupiza ndi chivindikiro cha ndowa. Munthu amene anadula nzimbe moyo wake wonse, wa mapewa otchinga khomo, anali atatsala mafupa. Ananditchula dzina, n'kugwira dzanja langa, n'kugonanso. Achemwali anayang'ana chikwama changa, chimene ulendo uno chinali chachikulu, n'kupitiriza kuwakupiza ababa.

Masiku awiri oyambawo ababa ankangogona. Ndinaphunzira kuwatembenuza, kuwamwetsa phala ndi sipuni, kusuntha mphasa potsata mthunzi. Achemwali ankandilangiza mwachidule ngati akulangiza waganyu, ndipo ndinkamvera.

Lachisanu ndinadzidzimuka m'mamawa. Linali tsiku losintha logi. Ndinakwera pachulu cha kuseri kwa khola, pamene foni imagwira bwino, n'kuimbira mnzanga uja.

"Zili bwanji kumeneko?"

"Zili bwino, akulu. Yasintha dzulo masana."

"Yakopera?"

"Yakopera, yawerenga, yafufuta. Ine ndangoona mizere m'mawa uno. Madala ali bwanji?"

Ndinatsala pachulupo foni ili m'manja. Ndisaname, penapake zinandiwawa kuti Limbe akuyenda popanda ine, moti ngakhale lole imodzi sinaime. Koma chachikulu chinali kuzizwa komwe kuja. Dzulo masana ine ndinali ndikuchapa zofunda za ababa pa mjigo. Nthawi yomweyo, kuseri kwa mapiri, m'chipinda chokhoma, chamdima, mopanda munthu woona, kadzanja kaja kanatambasuka n'kugwira ntchito yake mokhulupirika, sitepe ndi sitepe, osadumpha ngakhale imodzi. Ndinatsika pachulu mwakachetechete.

Masana a tsiku lomwelo ababa anadzuka ndi mphamvu zachilendo. Anauza achemwali kuti awatsamiritse kumtengo, n'kundiitana kuti ndikhale pafupi. Anayamba kuyankhula mothamanga. Malire a munda wa kudimba ayambira pa mtengo wakuti, osamvera zonena a malume ako. Mbuzi ziwiri zija ndi za mlongo wako, wazivutikira. Ku Nsanje kuli m'bale wathu amene sitinayankhulane zaka zambiri, ameneyo auzidwe. Mawu ankaphatikizana, mpweya unkawathera, ankayamba nkhani ina inzake isanathe. Kenako chifuwa chinawagwira, anakhosomola mpaka misozi.

"Ababa, pumulani kaye. Mwathamangira chiyani?"

"Ndimalize, mwananga. Wabwera Lachitatu. Lero n'tsiku lako lachitatu. Mawa ukupita."

Anali akuwerenga. Munthu woti sankadziwanso ngati wadya kapena ayi, masiku anga ankawawerenga.

"Sindikupita mawa, ababa."

Anandiyang'anitsitsa.

"Nanga makina ako?"

"Akudzisamalira okha."

"Mkuja?"

"Mkuja ndilipo."

"Sabata yamawa?"

"Ndilipo, ababa."

Anatembenukira kwa achemwali ngati akufunsa ngati ndikunama. Achemwali anagwedeza mutu kuti n'zoona, n'kuyang'ana kumbali, akupukuta m'maso ndi chitenje. Ababa anatulutsa mpweya wautali, mapewa n'kutsika. Anatseka maso, dzanja lawo lili pabondo langa.

"Basi, ndisathamange," anatero. "Zinazo ndikuuza mawa."

Anakhala ndi moyo masiku ena asanu ndi anayi. Tsiku lililonse ankandiuza nkhani imodzi yokha, mosafulumira, mpaka kumapeto kwake, ndipo masiku onsewo ndinalipo.